Zala Ziwiri pa Kiyibodi ya Eluby

M'mawa uliwonse, asanakhudze chilichonse mu ofesi ya za ziweto pa Boma la Chitipa, Eluby Namsukwa ankayamba wafunditsa zala. Ankazipisa m'khwapa n'kumayenda uku ndi uku, kuchokera pakhomo kukafika pansi pa chithunzi cha Ngwazi, akuimba chapansipansi nyimbo ya kwaya. Mphepo ya ku Chitipa mwezi wa Juni imaumitsa zala gwa ngati tizikuni, ndipo Eluby ankati zala zozizira zimalemba bodza. Zikafunda ankazithyola chimodzichimodzi, kenako n'kukhala pampando.

Eluby anabadwira ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga. Atalemba mayeso a fomu thuu anapita ku Mzuzu kukaphunzira tayipi kwa mayi wina wa ku mishoni amene sankasiyana ndi lula m'manja. Lamulo la mayiyo linali limodzi: chala chimodzi, batani limodzi. Pa makina a tayipi, ukamenya mabatani awiri nthawi imodzi, timikono ta zilembo timadumphira pamodzi n'kukolana m'mwamba ngati atambala pa ndewu. Wochita zimenezo ankalandira lula pa mfundo za zala. Ngakhale chilembo chachikulu ankachilemba mwa dongosolo lomwelo: kumenya batani la loko, kulisiya, kenako kumenya chilembo. Eluby analandira lula tsiku loyamba lenilenilo, ndipo sanailandirenso.

Anabwerera kwawo, nalembedwa ntchito m'boma, nakwatiwa ndi Lazarus Kayange, telala wa pa msika. Kwa zaka zambiri makalata onse okhudza nkhupakupa, chiwewe ndi katemera wa ng'ombe m'boma lonselo anadutsa pansi pa zala zake. Munthu wodutsa panja ankamva ngati matalala akugwa pa malata.

Ndiye mu 1991 kunabwera kompyuta. Inafika pa lole yochokera ku Lilongwe kudzera ku Karonga itafunditsidwa mabulangete, makatoni ake atafiira psuu ndi fumbi la mumsewu. Mkulu wa ofesiyo, a Cuthbert Chimwaza, munthu wa ku Ntcheu, anali ataphunzira za makinawo ku Lilongwe, ndipo anawalumikiza okha anthu atadzaza pa zenera. Magetsi ankachokera ku jenereta imene Frackson Sichali, mesenjala wa pa ofesipo, ankailiza kuyambira m'mawa mpaka masana basi, poti dizilo anali wovuta.

Ntchito ya Eluby inali yolowetsa mu kompyutamo eni ng'ombe onse, dibi ndi dibi, ndi ng'ombe zawo, zobayidwa katemera ndi zosabayidwa, kuti munthu akangofunsa za dibi losambitsirako ng'ombe la ku Chisenga kapena la ku Lufita, yankho lizituluka pomwepo. Makina ake akale a tayipi anawatumiza ku Wenya. Koma akuluakulu a ku ofesi ya ku Karonga ananena poyera kuti kompyutayo yabwera mongoyesa. Mwezi ukatha adzabwera kudzaona, ndipo akadzapeza mulibe kanthu adzainyamula. Zikatero Eluby anayenera kutsatira makina ake ku Wenya, kusiya Lazarus ndi makina ake osokera pa msika ndi ana pasukulu.

Masiku oyamba Eluby sanaganizeko za Wenya n'komwe. Anali ataledzera ndi chisangalalo. Kunalibe kaboni wodetsa manja, kunalibe riboni. Ukalakwitsa, batani lina linkabwerera m'mbuyo n'kumeza chilembocho osasiya chipsera. Analemba dzina lake n'kulimezetsa, kulilembanso n'kulimezetsanso, akuseka atagwira pakamwa mpaka misozi. Anaisoketsera kompyutayo chovundikira cha chitenje kwa mwamuna wake. Ku msika amayi ogulitsa nyemba anasiya kumutchula Namsukwa.

"Nakompyuta wafika! Mama, akuti chinthu chanucho chimadziwa ng'ombe ya munthu aliyense?"

"Enya, ndi mchira womwe," ankayankha Eluby, akukweza dengu pamutu ngati mkazi wa nduna.

A Chimwaza anali atamuuza kuti zolembazo zimangoyandama pa galasi mpaka utazisunga, ndipo posunga umagwiritsa mabatani awiri: lolembedwa Ctrl, limene iwo ankalitchula kuti kontolo, ndi la W. Choncho tsiku loyamba la ntchito yeniyeni Eluby analowetsa dibi lonse la kwawo ku Chisenga, mayina onse m'zilembo zazikulu, ng'ombe za amalume ake zili momwemo. Frackson atasuzumira pa zenera kudzanena kuti dizilo watha, Eluby anamenya kontolo, namenya W. Kumapeto kwa mzere kunatuluka W wosafunika. Anamumezetsa, nazimitsa makina, navundikira chitenje, n'kupita kwawo akudumphadumpha.

M'mawa mwake munali mbee. Ng'ombe za amalume ndi za wina aliyense zinali zitasowa.

"Bambo, ng'ombe zathawa," anatero ataima pakhomo pa a Chimwaza.

"Zathawa kudibi liti, amama?"

"Mu kompyuta."

A Chimwaza anabwera, ndipo Eluby anachita zimene mkazi woleredwa bwino ku Chisenga amachita mwamuna wamkulu akakhala pampando wake: anapatuka, nakaima pa zenera, manja kumbuyo, maso ku mitengo ya bulugamu. A Chimwaza analemba mayina angapo ongoyesera, nasunga, nazimitsa, nayatsanso. Mayinawo analimo.

"Makina ali bwinobwino. Mwina munaiwala kusunga."

"Yayi, bambo, ndinasunga."

"Yesaninso lero. Kontolo ndi W."

Atatero anatuluka, chifukwa iwonso anali munthu woleredwa bwino. Kuima kumbuyo kwa mkazi wa mwini, n'kumamuyang'ana m'manja ndi m'khosi, kwa iwo kunali kupanda khalidwe.

Eluby analembanso Chisenga yense. M'mawa mwake, mbee. Analemba Lufita poganiza kuti mwina makinawo akudana ndi mayina a kwawo. Mbee. Mlungu unatha, wina n'kuyamba, ndipo mu kompyutamo munkangokhala mayina ongoyesera a a Chimwaza, amene ankachuluka tsiku ndi tsiku: Tambala Wakuda, Nkhuku Yoyera, Bambo Mbatata.

Aliyense anali ndi maganizo ake. A Chimwaza anati ndi fumbi, ndipo anatembenuza kiyibodi n'kuigogoda, mukugwa nyenyeswa za chimanga chokazinga ndi nyerere yakufa. Anati mwina ndi chingwe, nachizula, nachiuzira, nachibwezera. Frackson anati ndi kuzizira.

"Chinthu ichi n'cha ku Lilongwe, adada. Usiku chimanjenjemera, ng'ombe n'kugwamo. Ngakhale inu munkagona ndi jekete mutangofika kuno."

Anabweretsa bulangete la kwawo n'kuifunditsa pamwamba pa chitenje. M'mawa mwake kompyuta inali yofunda ndithu, koma ng'ombe munalibe.

"Basi ndaona," anatero Frackson. "Ndi yaimuna iyi. Imamvera mabwana okha."

"Iwe Sichali, ukakhala wopanda chonena uzikapukuta jenereta," anatero Eluby, koma anaseka, mwakuti anachita kugwira tebulo. Kuseka kwake masiku amenewo kunkabwera kosaitanidwa, ngakhale pakati pa pemphero la chakudya. Lazarus anamufunsa madzulo ena ngati ku Wenya kuli anthu ovala masuti oti telala n'kudyerapo, ndipo Eluby anaseka mpaka kutsamwa, kenako anakankha mbale osadyanso.

Lolemba la mlungu womaliza kunabwera uthenga woti a ku Karonga afika Lachinayi. A Chimwaza anakhalanso pampando paja, akupukusa mutu, nalemba Bambo Chinangwa. Eluby anali pamalo pake pa zenera, maso kunja. Frackson anali atasunthira jenereta kuseri kwa nyumba ya mankhwala, choncho mu ofesimo munali zii kuposa masiku onse. Munthu amene wakhala zaka zambiri pa tayipi amawerenga ndi makutu. Eluby anamva Chinangwa akulembedwa pang'onopang'ono ndi zala zosazolowera. Kenako anamva kha.

Anadikira kha wachiwiri. Sanabwere.

"Mwasunga, bambo?"

"Ndasunga."

"Koma mwamenya kamodzi."

"Ayi, mabatani awiri."

"Ine ndamva kamodzi. Ine ndikamasunga zimamveka kha, kha."

Eluby anatembenuka. Zimene ankafuna kupempha sanazipemphepo kwa mwamuna aliyense kupatula Lazarus, tsiku limene anadzibaya ndi singano.

"Bambo, pepani chomene. Ndione manja anu."

Frackson, amene anali pakhomo ndi kapu ya tiyi, anati, "Hii!"

A Chimwaza anayang'ana manja awo ngati awaona koyamba, nakonza tayi, kenako n'kuwaika pa kiyibodi. Eluby anayandikira, nawerama. Chala cha kumanzere chinatsika mwakachetechete pa kontolo, n'kukhala pomwepo osachoka. Chikadali pomwepo, chala cha kumanja chinagwa pa W.

"Mayo! Zikolana!" anakuwa Eluby atagwira kumutu.

"Chikolane n'chiyani, amama?"

"Timikono!"

"Muno mulibe timikono. Inu mumatani kodi?"

Eluby anakhala pansi n'kuwasonyeza, ndipo a Chimwaza, kwa nthawi yoyamba, anaima pambali pake n'kuyang'ana. Kontolo, kha, chala m'mwamba. W, kha. Pa galasi panatuluka W uja wa masiku onse.

"Kontolo si loko," anatero a Chimwaza pang'onopang'ono. "Mukamusiya, waiwala. Ndiye mwezi wonsewu..." Anakhala pa katoni ya mankhwala a nkhupakupa n'kuyamba kuseka, mapewa akugwedezeka. Frackson anataya tiyi. Eluby anaseka atabisa nkhope mu chitenje cha kompyuta.

Koma kudziwa ndi kwina, zala ndi zina. Eluby anaika chala pa kontolo, ndipo china chikamatsikira pa W, choyambacho chinkadumpha chokha ngati chagwa pa mbaula. Anayesanso, chinadumphanso. Mfundo za zala zinkayabwa, zikudikira lula ya ku Mzuzu.

"Pole pole, mama, pang'onopang'ono," anatero Frackson. "Ndikhalepo ine pa kontoloyo?"

"Ukhale pa jenereta yako."

Anapuma. Analankhula ndi chala cha kumanzere m'Chilambya cha kwawo, monga amalankhulira ndi mwana wokana kumwa mankhwala. Anachikanikiza mpaka chikhadabo chinayera, natsinzina, n'kumenya W. Kunalibe chokolana. Kabokosi ka kompyuta ka pansi pa galasi kanang'ung'udza pang'ono, kanyali kofiira kanaphethira, ndipo pa galasi sipanatuluke chilembo chilichonse. Eluby anaimirira n'kululutira nthungululu mu ofesi ya boma, mwakuti a ofesi ya za malimidwe anathamangira kudzafunsa ngati kwabwera alendo a chipani.

Masiku otsalawo anali a matalala okhaokha. Mayina a ku Chisenga anali atawalemba kambirimbiri, moti ambiri ankangotuluka m'mutu. A Chimwaza anatsanula dizilo wa m'galimoto ya ofesi n'kumupatsa Frackson kuti jenereta izilira mpaka madzulo, iwo n'kumayendera njinga. Eluby ankasunga akamaliza dibi, kenako akamaliza mudzi, kenako akamaliza munthu mmodzi, kungofuna kuona kanyali kaja kakuphethira. Bambo Mbatata ndi anzake onse anawafafaniza, ngakhale Frackson anawapempherera kuti atsale.

Lachinayi kunafika mayi wamtali wa magalasi, a Margret Mhango a ku ofesi ya ku Karonga, fumbi lili m'nsidze. Sanafune tiyi. Anakhala pambali pa Eluby n'kunena kuti, "Ndionetseni ng'ombe zosabayidwa katemera za ku Wenya."

Eluby anamenya mabatani, ndipo mayina anatsika pa galasi ndondondo.

"Za ku Chisenga."

Zinatsika, za amalume zili pakati.

"Sinthani apa, musunge."

Eluby anasintha. Kenako, mayiyo akuyang'ana, anakanikiza kontolo, namenya W, osatsinzina.

A Mhango anavula magalasi n'kuwapukuta. "Makinawa akhala konkuno. Bambo Chimwaza, mwezi wa mawa muyambe mbuzi ndi nkhumba." Atafika pakhomo anatembenuka. "Chinanso, mama. Tsiku lina kompyutayi ikadzangouma osamvera chilichonse, musadzazimitse ku khoma. Mudzagwire kontolo, ili la pambali pakeli, ndi ili la uku. Idzadzuka yokha."

"Atatu?" anatero Eluby.

"Atatu."

"Nthawi imodzi?"

Mayiyo anali atakwera kale galimoto. Madzulo amenewo Eluby anafotokozera Lazarus nkhani yonse kawiri, akumusonyeza pa mbale ndi pa supuni, ndipo ana anagona akukangana kuti ndani akhale kontolo.

M'mawa mwake Eluby anafika pa ofesi a Chimwaza asanafike. Jenereta itangolira anayatsa makina, naona kuti ng'ombe zonse zilimo. Kompyutayo sinaume, inkamvera bwinobwino. Komabe Eluby anatseka chitseko, nayang'ana pa zenera ngati kuli munthu, natambasula zala ziwiri za kumanzere ndi chimodzi cha kumanja, n'kuzitsitsa zonse pamodzi. Galasi linada bii. Eluby anakuwa kamodzi, nagwira pakamwa. Makina analira pii, zilembo zinayamba kubwerera, ndipo atafunsa za ku Chisenga ng'ombe zinatsika zonse. Anachitanso kachiwiri. Kenako anatsegula chitseko n'kuitana Frackson kuti amubweretsere mapepala a mbuzi, poti iye sakanatha kudikira mwezi wa mawa.