Nkhunda zanu zathawa, bambo a Wongani

Bambo a Wongani, ndakumbukira tsiku lija mutapuma pantchito ya boma msinkhu usanakwane. Tinali mu minibasi yopita kwanu ku Mhuju, katoni ya nkhunda ziwiri ili pamiyendo panu. Ndinafunsa kuti tizikadya chiyani kumudziko. Munaseka. "Mayi, dimba lilipo, mbuzi tigula. Bola tisamakangane, paja nkhunda sizikhala pakhomo paphokoso."

Lero chakwana chaka mutatisiya. Abale anu akuti malowa ndi akwawo, ine wa ku Zomba ndibwerere kwathu. Chiyambireni mkanganowu nkhunda zathawa zonse, dimba lauma, nanenso mphamvu zandithera. Alamu anga avomera tsopano kuti tikumane Loweruka tikambirane za malowa. Ndidzapita ndithu, koma katoni ija ndaitulutsa kale, ndayamba kulongedzamo zovala.