Tsiku Limene Zithunzi za Amayi Zinafufutika

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anabweretsa kunyumba kompyuta yakale. Iwo ankagwira ntchito pa malire a Mwanza, kulemba mapepala a katundu wa mathiraki. Amayi anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo bambo anasamutsira zithunzi zonse za amayiwo m'kompyutamo, pamodzi ndi kavidiyo kamene ankaseka akusenda mtedza pakhonde ku Thambani. Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi tinkakaonera kavidiyoko awiriwiri.

Tsiku lina mnzanga Tadala anandibwereka fulashi ya nyimbo zimene achimwene ake anakopera pashopu ina pa boma. Bambo anali atandiletsa kulowetsa chilichonse m'kompyutamo, koma ndinailowetsabe iwo ali kuntchito. Nyimbo zinalira bwinobwino, ndinavina ndekha pabalaza, kenako ndinaizula.

Lamlungu lotsatira kavidiyo kaja kanakana kutseguka. Zithunzi nazonso zinakana. Bambo anayesa mobwerezabwereza, koma sizinatheke.

M'mawa mwake tinanyamula kompyuta ija pakabaza kupita kwa a Juma, okonza makompyuta. Anakhala nayo mpaka masana, ife tili pabenchi m'kachipinda konunkha fumbi ndi mawaya opserera.

"Ndi vayirasi iyi," anatero a Juma. "Ndi kapulogalamu kamene munthu amachita kupanga dala. Kamabisala mu fulashi, pakati pa nyimbo kapena zithunzi. Mukangolowetsa, kamadzikopera kokha mwakachetechete, n'kumaononga mafayilo limodzilimodzi. Pepani bambo, apa palibe chimene ndingabweze. Munalowetsamo fulashi ya ndani?"

"Ya kuntchito," anayankha bambo, osandiyang'ana.

Pobwerera tinayenda wapansi, kompyuta ili paphewa pawo. Titafika pamtengo wa mango wapafupi ndi kwathu ndinalephera kupirira.

"Ababa, ndine ndinalowetsa fulashi."

Anaima, n'kutsitsa katunduyo pansi. "Ndikudziwa, Chisomo. Nanenso ndinalakwa. Ndikanazitsukitsa kalekale zithunzizo, koma ndinkaopa kumawaona mayi ako pakhoma tsiku lililonse."

Sanandimenye, ndipo sanaitchulenso nkhaniyi mpaka imfa yawo. Ine ndinkalakalaka akanandikwapula, mwina mtima ukanapepuka.

Kuyambira pamenepo chinthu chimene ndimachikonda sindichisunga pamalo amodzi, ndipo ana anga ndikawaletsa kanthu ndimawauza chifukwa chake. Koma chimene ndachimvetsa nditakula ndi china. Sabata imeneyo bambo anatayanso mkazi wawo kachiwiri. Ananama kwa a Juma chifukwa sanafune kuti atayenso mwana.