Mbaula Yosawotheka

Ndinabadwira ku msasa wa othawa nkhondo ku Dedza, koma ndinakulira kutsidya kwa malire, ku Domwe, kumene makolo anga anabwerera nkhondo itatha. Pomaliza maphunziro a ku univesidade ndinasankha kufufuza za mbaula zosatha nkhuni zimene bungwe lina linagawa m'midzi ya kwathu. Bungwe lomwelo ndi limene linkandilipirira maphunziro. Linkafuna umboni woti boma lifalitse mbaulazo m'dziko lonse, mitengo ipulumuke, utsi uchepe. Inenso ndinkafuna zomwezo.

Ndinafika kumudzi m'nyengo yachisanu. Kwathu kukazizira, udzu umayera m'mawa ndipo mbatatesi zimapserera m'madimba. Ndinayenda khomo ndi khomo. Mbaula ndinkazipeza ndithu, ina nkhuku ikuikiramo mazira, ina atadzalamo tsabola, koma moto uli pamafuwa ngati kale. Amayi anga nawonso yawo anali ataikankhira pansi pa nkhokwe.

"Amayi, inunso?" ndinawafunsa.

"Chinthu chakocho chimaphika bwino, ndisaname," anayankha. "Koma moto wake umabisala m'kati. Adzukulu angawa awotha chiyani? Kukayamba kutentha ndichitulutsa."

M'midzi inanso yankho linali lomwelo. Choncho ndinalemba zimene ndinaona: kumapiri kuno moto ndi wophikira komanso wowotha, ndipo ndondomeko yoiwala chisanu idzathera pansi pa nkhokwe.

Aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga, omwe tinkangowatchula kuti adotolo, anabwera ku Ulongwe kumsonkhano wa bungwe lija. Sanali munthu woipa. Ananditengera pambali tisanalowe.

"Zimene mwapezazi n'zoona," anatero, "koma sinthani mathero. Lembani kuti anthu akufunika kuphunzitsidwa. Mawu amenewo palibe amakwiya nawo."

"Adotolo, amene mukuti aphunzitsidwewo ndi amayi anga. Anandiberekera ku msasa, kumene nkhuni zinkasowa kuposa kuno. Kusamala nkhuni amakudziwa. Chimene akukana n'kusiya ana akunjenjemera."

"Mukaumirira, bungwe lisiya kukuthandizani."

"Lisiye."

Kenako tinalowa mumsonkhano. Nthawi yanga itakwana ndinaima n'kufotokoza zonse, osachotsapo kanthu. Mkulu wina wa bungwelo anati ndine mwana wa konkuno, ndiye chifundo chandiphimba m'maso. Ndinamuuza kuti galimoto ili panja, tiyeni tisankhe mudzi uliwonse umene iye akufuna, tikalowe m'nyumba tikaone pamene pali moto. Sanadzuke pampando. Anangoti nthawi yatha.

Thandizo linathadi. Ndinabwerera ku Domwe n'kugwira khasu. Chaka chimenecho ndinalima mbatatesi, n'kumakagulitsa ku Kalomwe kwa amalonda owoloka malire. Anthu ankaseka kuti sukulu yonse ija yandibwezera kudimba. Zinkandipweteka. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde n'kumapitiriza kulemba.

Ndinamaliza kafukufukuyo chaka chotsatira ndi mphamvu ya mbatatesi zanga. Adotolo anasayina osasintha liwu, ngakhale sanandiyang'ane kumaso. Ndondomeko ya boma sinasinthe, ndipo mbaula za mtundu womwewo anapitiriza kugawa.

Pano ndimagwira ntchito ndi amayi oumba mbiya a m'mudzi woyandikana ndi wathu. Tikuyesa kuumba mbaula yosatha nkhuni koma yotulutsa kutentha m'mbali, yoti anthu azitha kuizungulira. Zoyamba zonse zinang'aluka poziwotcha. Zachiwiri zinkafuka utsi mpaka tonse tinathawira panja tikutsokomola. Palibe bungwe likutithandiza, ndipo ndikapempha mpata wolankhula kumisonkhano ya ku Tete amandiika kumapeto, anthu atayamba kale kutuluka. Ndimalankhulabe kwa otsalawo. Sabata yamawa tikukakumba dongo kudambo lina, lomwe amayiwo akuti limapsa bwino osang'aluka.