Ulendo wa ku Chilwa wopanda wodwala

Abwana athu atabwerako ku msonkhano wa kunja anapachika kalendala mu ofesi. Inali ndi maboti a matanga oyera pa nyanja ya Mediteraniyani, anthu ali m'mphepete akudya nsomba ndi vinyo. Ndinkataipa makalata a boma diso lili pomwepo, mtima ukuwawa. Tchuthi changa chonse chinkathera ku maliro, ku zinkhoswe ndi kokolola. Ndinalumbira kuti chaka chimenecho ndidzakwera boti popanda chifukwa, ngakhale tsiku limodzi.

Nyanja yotiyandikira ndi ya Chilwa, imene timaiona tikakwera phiri la Zomba. Vinyo ndinapanga ndekha. Ndinagula malubeni kwa ogulitsa a mumsewu wa kuphiri, ndi kuwavundika ndi shuga m'chigubu kuseri kwa kabati.

Vuto linali amuna anga. Kwa iwo, munthu wamkulu woyenda popanda maliro kapena matenda ndiye kuti mutu wasokonekera. Anavomera monyinyirika, koma aneba athu ku Chikamveka atafunsa, anawauza kuti tikukaona wodwala ku Kachulu, kudoko.

Loweruka m'mawa tinapeza amayi a kumpingo ali pa siteji ya matola, atavala zitenje zofanana, wina ndi ufa, wina ndi nkhuni. Odwala saonedwa ndi banja lokha.

"Tikuperekezeni, asisi," anatero amayi otsogolera. "Akudwala ndani kodi?"

Amuna anga anayamba kuyang'ana nsapato zawo. Anandinong'oneza kuti tinene kuti wodwalayo wachira, tibwerere kunyumba. Ndinapsa mtima. Ndinadziwa kuti ndikabwerera, sindidzakweranso boti mpaka kufa.

"Palibe akudwala, amayi," ndinatero. "Tikukakwera boti basi. M'chigubumu muli vinyo."

Amayi otsogolera anasenza nkhuni zawo osatsanzika, enawo n'kutsatira. Ine ndinakwera galimoto. Amuna anga anakwera pambuyo, ngati mbuzi yopita kumsika.

Mwa amayi aja, mmodzi yekha sanachoke. Anali mayi wamasiye wogulitsa tomato mu msika, amene anadwazika mwamuna wake zaka zambiri. Anakwera ndi ufa wake womwe.

Ku Kachulu boti limene tinakwera linali lamatabwa, thanga lake losokedwa ndi masaka a fetereza. Madzi anali amatope. Tinadya mlamba wowamba ndi manja, vinyo wanga ali wowawasa ngati bwemba. Amuna anga anamwa makapu awiri akudandaula. Ine ndinasangalala mpaka misozi.

Tili pakati pa nyanja, mayi wamasiyeyo anaviika dzanja m'madzi nthawi yaitali. Ndinamufunsa ngati sakuopa zimene anzathu akanene.

"Akanene," anatero. "Ine asisi, chikwatiwireni, aka n'koyamba kukwera galimoto popanda wondidikira kuti ndikamusambitse."