Taizya Akakhala Phee, a Danwell Amati Wachila

Alamu anga a Danwell, a kwa Mwase Lundazi, anakulila kumbuyo kwa ng'ombe. Sukulu anaisiya ine ndisanaisiye, ndiye mudziwe kuti anafulumila ndithu. Koma ng'ombe ikadwala, midzi yonse imaitana iwo. Amaima chapatali n'kuiyang'ana. Ikagona phee n'kumabzikula, amati yachila. Ikamayendayenda m'khola n'kumalila, amati ikali kudwala. Muyeso wao ndi umenewo pa chilichonse. Ngakhale mlongo wanga Evelina anamufunsila chifukwa tsiku lomwe anamuona koyamba dzino linkamuwawa, sanalankhule.

Muyesowo unasokonekela pa mwana wao Taizya, atalowa giledi 8. M'mawa akavala yunifomu mtima unkamugunda, manja thukuta. Akafika pa mlatho wa pafupi ndi sukulu ankabwelela akulila. Anamuyeza malungo, palibe. Nesi wa ku kiliniki, a Judith, anati ndi matenda a nkhawa. Anauza makolo ake kuti azibwela naye kudzacheza, aphunzile kupuma pang'onopang'ono, ndipo aziyesa zimene amaopa chimodzichimodzi.

A Danwell anaona kuti njila imeneyo njaitali. Anamuuza mwana kuti sukulu basi. Kulila kunatha tsiku lomwelo. Taizya ankasesa, kugwada popeleka madzi, n'kukhala m'nyumba phee.

Tsiku lokaonana ndi nesi a Danwell ananditenga kuti ndikaone akuyamikidwa.

"Muli uli, adada?" anatelo a Judith.

"Makola, tili bwino, asisita. Mwana wachila. Salilanso."

"Kusukulu akupita?"

"Ndinamusiyitsa."

"Kuchigayo? Kutchalitchi?"

"Satuluka n'komwe. Ulemu wokhawokha."

"Adada, mwanayu sanachile, wangobisala. Mantha akumudikila panja. Akapitiliza chonchi, kusukulu sadzabwelelanso."

Pobwelela a Danwell anakankha njinga osakwela. "Alamu, munthu wasiya kulila koma ati akudwala. Nanga wochila amaoneka bwanji?"

"Kafunseni ng'ombe," ndinatelo. Sanaseke.

Evelina ndiye anaigwila nkhaniyo. Anayamba kupita naye kuchigayo. Kenaka anamutuma yekha, mwana anabwelela panjila ndi chimanga chosagaya. Sabata inayo anafika. Pambuyo pake analowa kwaya ya achinyamata, ataima kumbuyo kwenikweni. Tsiku lina bambo ake atapempha madzi, Taizya anati, "Adada, ndowa ili pomwepo, ndikuchedwa kukwaya."

A Danwell anabwela kwanga akupuma mwamphamvu. "Alamu, matenda aja akula. Tsopano alowa m'kamwa."

Tinabwelelanso ku kiliniki. Ulendo uno a Judith anafunsa mwini wake.

"Taizya, mantha alipo?"

"Alipo."

"Ndiye umatani?"

"Ndimapuma, kenaka ndimapita nao."

A Judith anaomba m'manja. A Danwell anavula chipewa, n'kuyang'ana mkati mwake ngati muli yankho.

"Asisita, ndithandizeni. Atakhala phee munati akudwala. Lelo wavomela yekha kuti mantha alipo, mwano waonjezelapo, inu mukuombela m'manja. Ndiye wachila?"

"Sanachile, koma akuchila. Musamayang'ane misozi yokha. Muziyang'ana kumene wafika."

Lolemba lotsatila a Danwell anadzuka kuti apite kudibi kosambitsila ng'ombe, njinga palibe. Yunifomu pa chingwe palibe. Anathamangila kwanga n'kundisiyitsa kapu ya tiyi, tinatsata mzele wa matayala mpaka pa mlatho uja. Apo matayala anaima. A Danwell anawelama monga amachitila ng'ombe ikasochela.

"Apa anatsika. Apa anatembenuza njinga. Onani, anazungulilazungulila." Anayenda pang'ono. "Apa anatembenukanso."

Mzele uja unaoloka mlatho n'kulunjika kusukulu.

Anaima nthawi yaitali, manja m'chiuno. "Alamu, watenga njinga yanga osapempha. Akabwela ndimukalipile, kapena ndimuphele nkhuku?"

"Iphani nkhuku," ndinatelo. "Kukalipako ndikuthandizani ine ndikudya."

Anapukusa mutu, n'kuuyamba wapansi wa kudibi. Atayenda pang'ono anatembenuka.

"Nanga mawa akaifunanso njingayo?"