Masabata Atatu Opanda Rede

Makina anga kukula kwake ndi ngati buku la nyimbo za kutchalitchi. Pamwamba pali mabatani olembera, m'munsi mwake muli mzere wa timadontho timene timatuluka ndi kubwerera, ndipo zala zanga zimawerenga pamenepo. Ndinachita khungu ndi chikuku ndili mwana, tili ku Malawi kothawa nkhondo, ndipo zilembo za anthu osaona, zija amati burayile, ndinaphunzirira komweko. Makinawo ndinapatsidwa ndi gulu la anthu osaona nditakula kale, titabwerera kwathu. Pakakhala wayifayi, imene kuno ku Mandimba timangoti rede, amatumiza ndi kulandira makalata. Ndi makina amenewa amene anandilola kuwerenga kalata yanga ndekha koyamba.

Ndinkakhala ndi achemwali anga aakulu, amene ali ndi baraka m'mbali mwa msewu wopita kumalire. Amagulitsa zakumwa, sopo ndi mtedza wokazinga. Anagula karauta, kabokosi kogawa rede, kuti oyendetsa magalimoto akuluakulu odikira mapepala azikhalitsa pabenchi pawo. Senya, mawu achinsinsi olowera pa rede, sankaibisa. Munthu akafunsa ankaikuwa ali mkati mwa baraka, moti ndikukhulupirira kuti ngakhale nkhuku za pamenepo zinailoweza. Ine ntchito yanga inali kumanga mtedza m'timapepala, kubereka khanda lawo, ndi kudikira baraka iwo akaoloka malire kukaoda katundu.

Chaka chimenecho ndinamva kuti sukulu ina ku Cuamba ikufuna munthu wophunzitsa ana osaona burayile. Ndinalemba kalata yofunsira ntchitoyo pa makina anga, ndipo anayankha kuti osankhidwa adzawatumizira kalata pa intaneti yowauza tsiku lokayesedwa pamaso. Ndinali nditapitirira zaka makumi atatu ndisanagwirepo ntchito yotchulidwa dzina langa. Ndinkaifuna ntchito imeneyo ndi mtima wonse, ndipo sindinabisire aliyense.

Kwathu mkazi sasamuka osauza mwinimbumba. Choncho ine ndi achemwali tinakwera njinga zamoto kupita ku Ngauma kwa amalume. Tinawapeza akuyanika chinangwa pathandala. Anamvetsera zonse osandidula mawu, kenaka anafunsa kuti ku Cuamba ndikakhala ndi yani, ndizikaoloka bwanji msewu pakati pa njinga zamoto zonse zija, nanga Chimakuwa ndikuchidziwa? Ndinayankha funso lililonse.

"Tamva, mayi," anatero. "Ndi nkhani yabwino ndithu."

Potsanzikana achemwali anatsalira nawo m'nyumba kanthawi, akuti akuwapatsa nyemba. Ine ndinaima panja ndi ndodo yanga, mtima uli m'malo.

Patangopita masiku awiri, rede inakana. Ndinayatsa makina m'mawa monga mwa masiku onse, ndipo timadontho tinandiuza kuti alephera kulumikiza. Dzina la rede ya achemwali linalipo pamndandanda, mphamvu yake yodzaza. Ndinazimitsa wayifayi n'kuyatsanso. Ndinazimitsa makina onse, n'kudikira, n'kuyatsanso. Ndinafufuta dzina la redeyo kuti makina aiwale, n'kuisankhanso mwatsopano, n'kulemba senya. Yankho linali lomwelo.

Munthu wosaona chinthu chikavuta amayamba wakayikira zala zake, chifukwa ndi zimene anthu anamuzoloweza. Ndinaganiza kuti mwina ndikuphonya chilembo chachikulu, kapena manambala, poti mu burayile ya Chipwitikizi amalembedwa mosiyana ndi mu burayile ya makompyuta. Ndinasintha kalembedwe m'makina, ndinalemba senya pang'onopang'ono ngati mwana wa kalasi yoyamba. Ndinakumbukira kuti tsiku ndi nthawi zikasokonekera makina amakana kulumikiza, ndiye ndinazikonza, ngakhale zinali zolondola kale. Ndinabwezera makonzedwe onse a rede poyambira. Ndinasamuka pampando wanga wa pakhoma kukakhala pafupi ndi karauta mpaka kukakhudza ndi chigongono. Tsiku lina ndinapukuta makinawo ndi chitenje chatsopano, ngati kuti vuto linali fumbi la Mandimba.

Achemwali anandithandiza. Ichi ndiye chimene chimandiwawa mpaka lero. Anazula chingwe cha karauta, tinawerenga limodzi mpaka makumi atatu, n'kulumikizanso.

"Nyali zonse zikuyaka zobiriwira," ankatero. "Tayesanso."

Ndinawapempha kuti andiwerengere senya kuti mwina ndikuiiwala. Anakhala pambali panga, khanda lili pabere, n'kundiwerengera chilembo chimodzichimodzi, mofatsa, ine ndikulemba. Makina atakana anapumira m'mwamba.

"Ine foni yanga ikugwira bwinobwino. Makina akowa atopa, mng'ono wanga. Zinthu zopatsidwazi ndi mmene zimathera."

Ndipo zinalidi zomveka. Pabenchi madalaivala ankaonera mpira ndi nyimbo pa mafoni awo tsiku lonse. Ngati rede ikugwira kwa aliyense kupatula kwa ine, wodwala ndi ndani? Ndinali nditagamula kale kuti ndi makina, moti sindinaganize n'komwe zopempha munthu wina kuti andigawireko rede ya pafoni yake ndiyesere. Ndinkangodandaula kuti kalata ya ku Cuamba mwina yafika, ine ndili pano kumanga mtedza. Achemwali ankati maofesi sachita zinthu mwachangu, ndisadzivutitse.

Sabata yachitatu ndinati basi, ndikupita ku Cuamba kwa bambo wina wosaona amene anandiphunzitsa makinawo. Achemwali anati ndidikire kaye, khanda likutentha thupi, komanso iwo akufuna kuoloka malire. Ndinadikira masiku anayi. Lachisanu ndinakwera shapa, minibasi ya kuno, ndili ndekha, makina nditawakulunga m'chitenje pamiyendo, pambali panga pali thumba la usipa wouma la mayi wina amene anagona paphewa langa mpaka kufika.

Bambo aja anandilandira pakhonde. Anatenga makinawo, ndinamva zala zawo zikugogoda mabatani, ndipo sipanadutse mphindi.

"Alumikiza," anatero. "Makinawa alibe vuto, mayi. Kodi senya ya kwanuko sinasinthe?"

"Ayi, bambo. Achemwali anandiwerengera okha."

Anangondibwezera makinawo m'manja, makalata akulowa. Kalata yachitatu inali ya kusukulu kuja. Anali atandisankha, ndipo ankandiitana kuti ndikayesedwe Lachiwiri. Ndinaiwerenga kawiri, chifukwa Lachiwiri limenelo linali litapita masiku atatu m'mbuyomo.

Akazi awo a bambowo anandiperekeza kusukuluko tsiku lomwelo. Mayi wa muofesi anali waulemu. Anati anandidikira mpaka masana, ndipo malo apatsa kale munthu wina. Ndinapepesa. Ndinapepesa ine, ndikufotokoza za makina ndi rede ngati munthu wosadziwa kusamala zinthu zake. Ndinagona kwa bambo aja, m'mawa n'kukwera shapa yobwerera. Njira yonse ndinkatukwana karauta mumtima.

Achemwali anandilandira ndi madzi osamba. Nditawauza anati pepa, mwina sizinalembedwe. Ndinawauzanso kuti makina ali bwino, vuto liyenera kukhala la kabokosi kawo. Anati adzafunsa amene anawagulitsa.

Tsiku lotsatira ndinali pampando wanga wa pakhoma, ndikumanga mtedza, makina ali pamiyendo. Panafika dalaivala wina wachilendo, wa mawu okhuthala, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chipwitikizi.

"Mana, senya yanu ndi chiyani?"

Ndinadikira kuti achemwali akuwe monga ankachitira. Kunali zii. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti masabata atatu onsewa sindinamve senya ikutchulidwa kwa kasitomala ngakhale kamodzi. Kenaka ndinamva mapazi awo akubwera, ndi chikhadabo chikugogoda katoni pakhoma, pamwamba penipeni pa mutu wanga.

Dalaivalayo anali mmodzi wa anthu amene sangawerenge pakamwa pali potseka. Anayamba kutchula chilembo chimodzichimodzi mokweza, akulemba pafoni yake. Achemwali anati, "Chamumtima, bambo, chamumtima," koma iye sanamve, anapitiriza mpaka nambala yomaliza. Sinali senya imene ndinkaidziwa. Zala zanga zinali zitalemba kale limodzi naye. Ndinadina batani, ndipo timadontho tinatuluka pansi pa zala zanga kuti makina alumikiza.

Ndinakweza dzanja n'kupapasa khoma. Katoniyo inalipo, yokhomedwa ndi msomali, yosalala, yopanda kanthu kamene chala chingamve. Masabata atatu ndinakhala pansi pake. Aliyense wobwera kudzagula sopo ankaiona, ndipo ena mwina ankandionera limodzi ndikulimbana ndi mabatani.

Ndinadikira kuti dalaivalayo achoke.

"Achemwali, makina alumikiza."

Ndinamva akusuntha mabotolo amene sankafunika kusuntha.

"Ndi amalume," anatero pomaliza. "Anati Cuamba si malo a munthu ngati iwe. Ukakagundidwa ndi njinga yamoto, anthu adzati mbumba inakutaya."

"Nanga bwanji sanandiuze ine? Ndinakhala pamaso pawo."

"Iwe ukuwadziwa amalume, sakana munthu pamaso. Anati ndipeze njira yoti zingozilala zokha, usakhumudwe."

"Ndisakhumudwe."

"Tinkakuteteza, mng'ono wanga. Komanso ukanapita, khandali ndikanalisiya ndi yani? Baraka ndikanaisiya ndi yani?"

Mawu omalizawo anangowapulumuka, ndipo ndikuganiza kuti ndiwo anali oona kuposa onse. Ndinawafunsa ngati pali china chimene sindikuchidziwa. Anayamba kulira, n'kunena kuti a kusukulu anaimba foni Lolemba kuti atsimikize ngati ndikubwera. Pa kalata yanga ndinali nditalemba nambala yawo, chifukwa kafoni kanga kanali kakale, kongozima kokha. Anawayankha kuti uthenga andipatsa.

Sindinakuwe, ngakhale pakamwa panga sipachedwa. Akanandikaniza poyera ndikanakangana nawo, ndikanapita kwa amayi aang'ono, ndikanakwera shapa ndekha ngati mmene ndinakwerera. Koma anasankha njira imene imagwira kwa munthu wosaona yekha. Anatenga khungu langa n'kuligwiritsa ntchito, kenaka n'kukhala pambali panga kundiwerengera bodza chilembo chimodzichimodzi. Ndinadzimva wopusa, ndipo ndinadzimva woperekedwa ndi munthu amene ndinagona naye mphasa imodzi kuyambira ku msasa wa othawa nkhondo.

Amalume anabwera panjinga sabata yotsatira ndi nkhuku. Sanatchule za Cuamba, inenso sindinatchule. Anadandaula za mvula, anayamikira kuti ndanenepa. Nkhukuyo anthu anadya, ine ndinati m'mimba simuli bwino.

Sukulu ija sinalengezenso malo ena mpaka pano. Ndikadali ku Mandimba, ndipo khanda lija tsopano likuyenda. Achemwali amandichitira zabwino zambiri, mwina kuposa kale, ndipo anthu a pamsika amati ndili ndi mwayi kukhala ndi m'bale wotere. Ine sinditsutsa.

Tsiku lina mvula itagwa tinkapita kumsika, ine nditagwira chigongono chawo monga takhala tikuyendera kuyambira ndili mwana. Tikuyandikira ngalande anati, "Apa palibe madzi, ponda." Mwendo wanga unakana. Ndinatambasula ndodo n'kugogoda pansi kaye, kawiri. Panalidi pouma. Ndinamva mkono wawo ukuuma m'dzanja langa, ndipo anaima mpaka nditamaliza kuyesa. Kuyambira tsiku limenelo sanenanso kuti ponda. Amangoima, n'kudikira kuti ndodo indiuze.