Pensulo ya Malume

Malume anga amasoka nsapato pakhonde la sitolo ya zitsulo, pansi pa chikwangwani chimene chinafufutika kalekale. Anawerenga zolengeza kutchalitchi kwathu zaka makumi awiri ndi zitatu. Ndawafunsa kawiri kuti ndisalakwitse chiwerengerochi. Anthu ankawatcha a Akalola, chifukwa chilengezo chilichonse ankachimaliza ndi mawu amodzimodzi. Kwaya ikumana Lachitatu, Mulungu akalola. Amayi adzasesa Loweruka, Mulungu akalola. M'buku la zolengeza mayina ankalemba ndi peni, koma masiku onse ndi pensulo, imene inkakhala kukhutu ngakhale akusoka.

Maso atayamba kuwavuta, akulu a mpingo anasankha ine, popeza ndine mphunzitsi. Tsiku londipatsa bukulo ndinanena mawu amene mpaka lero amandichititsa manyazi.

"Malume, zolengeza si ulaliki. Ngakhale kusesa komwe, mpaka Mulungu asayinire?"

Anthu anaseka. Malume nawonso anaseka, nachotsa pensulo kukhutu kuti andipatse. Ndinawauza kuti ine ndizitayipa pakompyuta ya kusukulu. Anaibwezera kukhutu.

"Chabwino, aphunzitsi. Ife a nsapato tingadziwe chiyani?"

Chaka chomwecho ndinalengeza ukwati wanga ndi namwino wina woimba kwaya. Masabata atatu otsatizana ndinawerenga ndekha tsiku lake, ndikuwonjezera mawu akuti "mosalephera". Pepala lake ndinalimata pachitseko cha tchalitchi.

Kutatsala masiku asanu ndi anayi, namwinoyo anandipeza kusukulu pa nthawi yopuma. Ananena mwaulemu, misozi ili m'maso, kuti mtima wake suli pamenepo, ndipo sakufuna kukanama pamaso pa mpingo. Sindikumuimba mlandu m'nkhani ino. Koma Lamlungu linali pafupi, ndipo wokaima kutsogolo kunena kuti ukwati kulibe ndinali ine ndemwe.

Ndinapita pakhonde paja. Ndinawapeza akumata soli ya nsapato.

"Malume, Lamlungu mundiwerengereko. Ine ndinena kuti ndadwala."

"Wadwala chiyani? Masaya ali phwii chonchi?"

Ndinawafotokozera zonse, ndikudikira kuti andikumbutse za kusayinira kuja. Sanatero. Anapukuta guluu m'manja, natsegula kabokosi ka misomali, natulutsa pepala lakale lopindidwa kanayi. Linali tsamba la m'buku lawo loyamba. Panali chilengezo cha ubatizo wa mwana wawo woyamba, tsiku lake lolembedwa ndi peni. Mwanayo anamwalira Lachisanu, ubatizo uli Lamlungu. Ine ndinali ndisanabadwe, ndipo amayi sanandiuzepo.

"Ndinayesa kufufuta mpaka pepala linabooka," anatero. "Kuyambira pamenepo, pensulo basi. Za mawa mwini wake alipo, mphwanga. Ife timangobwereka."

Ndinayang'ana nsapato za eni ake zimene zinali pamzere.

"Ndiye mundiwerengera?"

"Ayi. Unalengeza wekha, ukafufute wekha. Ine ndikhala benchi loyamba. Ukayamba kunjenjemera uziyang'ana dazi langali."

Lamlungu ndinalawirira kuti ndikamatule pepala la ukwati lija pachitseko. Guluu anali atagwira zolimba. Pepala linang'ambika, koma kachidutswa ka "mosalephera" kanatsalira pachitseko. Ndinakapala ndi kiyi, amayi awiri oyala nsalu paguwa akuchita ngati sakundiona.

Nthawi ya zolengeza itakwana ndinaima kutsogolo. Malo a namwino mu kwaya anali opanda munthu.

"Ukwati umene ndinalengeza uja sudzachitika. Ndinalankhula ngati mawa ndi langa. Mundikhululukire."

Kumbuyo wina anati, "Ha!" mnzake n'kumuletsa. Ndinapita pa chilengezo chotsatira.

"Kwaya ikumana Lachitatu."

Ndinayang'ana kaye benchi loyamba. Dazi lija linali pamalo pake, likuwala.

"Mulungu akalola."

Palibe anaseka. Malume sanadzutse n'komwe mutu.

Titatuluka anandikokera kuseri kwa tchalitchi. Anathyola pensulo ija pakati, nasongola chidutswa chinacho ndi kampeni kawo kodulira zikopa, nandiikira m'thumba la malaya.

"Kofufutira kali mbali yako, iwe ndi amene ukufunika kwambiri," anatero. Kenako anayang'ana pansi. "Ndipo mawa ubweretse nsapato zakozo. Mphunzitsi wanji woyenda chidendene chitatha?"

"Ndibweretsa mawa, malume."

Sanasunthe. Anangondiyang'ana, mutu atapendeketsa, akudikira kuti ndimalize.